Diso la a Tembo

Abale ndi alongo, mawu anga akamatsika mundiuze, ndikweza. Sindinazolowere kuyima pamaso pa anthu. A tcheya atandipempha kuti lero ndiyankhulepo, ndinavomera asanamalize n'komwe. Kukana sindidziwa, ndipo nkhani yanga ikuchokera pamenepo.

Ndine Isaki, kwathu ndi ku Ntchisi, mbali ya ku Malomo. Ena mumanditchula kuti kochi, chifukwa ndimayendetsa timu ya besibolo ya kampani yathu. Ena munandidziwa kale ndikununkha mowa m'basi ya ku Jebel Ali, ndipo munkasintha mpando. Sindikukuimbani mlandu, nanenso ndikanasintha. Ndikudziwanso kuti muno muli anyamata amene kunsi kwa bedi lawo kuli botolo la madzi lopanda madzi. Sinditchula munthu. Ndikungopempha kuti mundimvere mpaka ndimalize.

Ndinabwera kuno kudziko la eni pa ntchito yothirira ndi kudula kapinga. Kampani yathu imasamalira mapaki ndi mabwalo amasewera. Bwana wamkulu amakonda besibolo, choncho anakhazikitsa timu ya antchito imene imapikisana ndi matimu a makampani ena nyengo yozizira. Wolowa m'timu ntchito yake imapepuka, ndipo amamuonjezera kangachepe pa malipiro.

Kwa amene simunawaonepo masewerawa, amayenda chonchi. Wina amaponya mpira wofanana ndi lalanje koma wolimba ngati mwala, wina n'kuumenya ndi chibonga. Akaumenya amathamanga kudutsa ngodya zitatu za bwalo kuti abwerere pamene anayambira, pomwe ife timati pakhomo. Akafika pakhomo ndiye chigoli. Akaona kuti safika, amaima pa ngodya n'kudikira kuti mnzake amenye.

Amene anandilowetsa m'timu ndi kochi Ramoni, mkulu waimvi wa ku Filipinzi. Anandiona ndikubweza mpira umene unagwera pomwe ndinkathirira. Kumudzi ndinakulira kugenda anyani m'munda wa chimanga, ndiye mkono ndinali nawo. Kuwakha ndinaphunzira msanga. Koma kumenya kunandikanika. Mpira unkadutsa, ine chibonga n'kubwera pambuyo ngati munthu wochedwa basi. Ndinakhala wosewera wapabenchi, wonyamula madzi, wowakhira oponya akamatenthetsa mkono. Ndinkalowa pokhapokha wina akadwala kapena akamuitana ku shifiti. Ine zimenezo zinkandikwanira. Ndinali ndi jezi yolembedwa dzina langa, ndipo chithunzi chake amayi anachionetsa mudzi wonse.

Munthu amene ananditenga ngati mng'ono wake ndi a Tembo, dalaivala wa basi ya kampani, wochokera ku Chipata, bambo wa ana apasukulu. Nawonso ankasewera m'timu, msinkhu unali utapitako koma liwiro linali lawo. Ankanditchula kuti mufana, ndipo sankandipumitsa.

"Imwe Amalawi," ankatero, "mukagunda chitseko mupepesa chitseko."

Tsopano mumvetse apa, chifukwa mlandu wonse uli apa. M'masewera amenewa kochi sakuwa kuti chita chakuti, adani angamve. Amaima pafupi ndi ngodya yachitatu n'kumayankhula ndi manja. Agwira chipewa, agwira mphuno, asisita pachifuwa, ndipo chilichonse chili ndi tanthauzo. Womenya amayenera kumuyang'ana kochi mpira usanaponyedwe. Koma ine ndinaleredwa kuti wamkulu sayang'anidwa kumaso. Kusukulu kwathu mwana wotong'olera aphunzitsi maso ankadziwika kuti ndi wamwano, ndipo ankalandira zake. Ndiye kochi Ramoni akangonditembenukira, maso anga ankagwa okha mpaka pa nsapato zawo, mutu n'kugwedeza wokha. Zizindikirozo ndinkazidziwa zonse pamtima. Kungoti sindinkaziona. Akandifunsa kuti ndamva, ndinkati, "Inde, kochi."

A Tembo anatulukira msanga. M'malo mondineneza, anapeza njira. Ine ndikaima ndi chibonga, iwo ankawerenga manja a kochi n'kukuwa m'Chinyanja ngati akungondichemerera. "Uleke uyo, mufana." Kapena, "Uyo menya." Pabwalo panalibe wina womva chiyankhulo chathu. Tinkaseka tikamabwerera m'basi, ndipo zinayenda choncho masizoni awiri.

Tsiku limene zinthu zinaipa tinkasewera ndi timu ya hotela ina, Loweruka m'mawa. Masewera asanayambe, mnyamata wina watsopano wa timu yawo anabwera kudzatigwira chanza n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji achimwene?" Anali wa ku Balaka. Tinakondwera kupeza wakwathu, tinapatsana manambala. Sindinaganize kalikonse.

Chakumapeto zigoli zinali zofanana. A Tembo anali atafika pa ngodya yachitatu, kungotsala kuthamangira pakhomo. Woyenera kumenya anali atamuitana kuntchito, ndiye analowetsa ine. Wolondera ngodya yachitatu wa timu ya hotela anali mnyamata wa ku Balaka uja, ataima pambali penipeni pa a Tembo. A Tembo akanakuwa m'Chinyanja, mnyamatayo akanamva n'kuchenjeza anzake. Choncho anangokhala chete.

Kochi anapereka chizindikiro cha msampha wina woopsa. Wothamanga amanyamuka mpira usanachoke m'dzanja la woponya, n'kulunjika pakhomo ndi liwiro lonse. Womenya sayenera kumenya ayi. Amangotchinga mpirawo ndi chibonga kuti ugwe pafupi, chifukwa mnzake akubwera molunjika kwa iye, nkhope ili pamtunda. Zimenezi ndinkazidziwa. Koma chimene ndinaona ine ndi nsapato zoyera za kochi, zafumbi kumphuno kwake. Ndinagwedeza mutu. A Tembo anaona ndikugwedeza, anaganiza kuti lero mufana wayang'ana.

Mpira unabwera pakatikati. Ndinaumenya ndi mphamvu zanga zonse.

Chibadwire sindinamenyepo mpira ngati tsiku limenelo. Unalira bwino pachibonga, m'manja osamva kugwedezeka kulikonse. Ndikufuna ndinene zoona pamaso pa Mulungu: ndinasangalala. Kanthawi kochepa kwambiri mtima unadumpha kuti lero ndatha. Kenako ndinamva kulira kwachiwiri, kosiyana ndi koyamba, ngati dzungu lagwa pa simenti. A Tembo anali pafupi nane moti ndikanatha kuwagwira ndi chibonga. Anagwa osakuwa. Chisoti chawo chinagubuduka mpaka pa mapazi anga, magazi n'kuyamba kulowa mumchenga.

Anthu onse anathamangira pamenepo. Mnyamata wa ku Balaka anavula jezi yake n'kuwatsamiritsa. Ine ndinangoima, chibonga chili m'manja. Ambulansi itanyamuka, kochi Ramoni anabwera pamene ndinaima. Sanakalipe.

"Isaki, unavomera. Ndinakuona ukugwedeza mutu."

Ndipo ine, abale anga, ndinayankha kuti, "Inde, kochi."

Kuchipatala sindinapite. Tsiku lina ndinagula malalanje, ndinafika mpaka pageti, ndinabwerera, malalanjewo ndinawasiya pamalo odikirira basi. Ndinamva kwa anzathu kuti diso lakumanzere lafa, ndipo za udalaivala zathera pomwepo. Ndinapempha kapitawo kuti andisamutsire ku gulu losamalira mapaki a ku Al Furjan, ndizikagona ku kampu ya ku Jebel Ali, kutali ndi bwalo. A Tembo anaimba foni kangapo. Ndinkayang'ana dzina lawo mpaka foni isiye kulira. Kenako ndinasintha nambala.

Tulo ndinalibe. Ndikatseka maso ndinkamva kulira kuwiri kuja, koyamba ndi kwachiwiri. Mnzanga wa m'chipinda anandipatsa kapu n'kunena kuti ndi mankhwala a tulo. Ine amene kumudzi ndinkaimba kwaya, amene sindinalawepo ngakhale thobwa losasa, ndinalandira ndi manja awiri, poopa kumukhumudwitsa. Ndinagona. Mawa lake ndinapempha ndekha. Posakhalitsa ndinkadziwa amene amabweretsa, tsiku limene amabweretsa, ndi botolo la madzi limene kapitawo sangalikayikire. Ndinagulitsa golovesi yanga yowakhira mpira. Ndinasiya kubwera kuno ku mapemphero. Amayi ndinkawatumizira mawu m'mawa mokha, lilime lisanalemere, kenako ndinasiyiratu. Ndinaiwala kutsegula madzi, kapinga wa paki yonse anapsa. Anandichenjeza koyamba, anandichenjezanso. Tsiku lina ndinadzuka nditanyowetsa matiresi ngati mwana, ndinangowatembenuza n'kupita kuntchito. Manja akapanda kulandira chakumwa ankanjenjemera moti paipi inkandipulumuka.

Mapeto ake anafika nyengo yotentha, nthawi yamasana ija imene amaletsa kugwira ntchito padzuwa. Anzanga anapita kumthunzi. Ine ndinali nditayamba kumwa m'mawa, ndinakagona kuseri kwa mpanda wa maluwa kuti kapitawo asandione. Dzuwa la kuno mukulidziwa. Anti Gilesi, amene akhala apowa, amalera ana pa nyumba ina ya kumeneko. Ankachokera kusitolo n'kuona jombo zitatulukira pansi pa maluwa. Akuti atandigwira, khungu langa linali louma ndi lotentha ngati chiwaya. Ndi iwo anaitana ambulansi. Ndi iwonso anaimbira a Tembo, chifukwa ankadziwana kuno ku mapemphero. Anti, sindinakuthokozenipo pagulu. Zikomo.

Nditatsegula maso ndinaona diripi, kenako zenera, kenako munthu atakhala pampando, atavala magalasi akuda. Ndinatsekanso maso msanga.

"Nakuona, mufana. Limodzi likali kugwira ntchito."

Ndinayang'ana bulangete. Panali ulusi wina wotuluka, ndinayamba kuukoka.

"Nakwera mabasi awiri na sitima kuti nifike kuno," anatero a Tembo. "Ine amene n'nali kunyamula anthu. Manje sinabwere kuzaona pamwamba pa mutu wako. Yang'ana kuno."

Ndinamva akuvula magalasi n'kuwaika pa kabati. Ndinakweza maso mpaka pa mabatani a malaya awo, n'kuima pamenepo. Iwo anadikira. Namwino analowa, anaona diripi, anatuluka. Iwo anadikirabe. Kenako ndinayang'ana.

Chikope chinali chitagwa theka. M'kati munali moyera ngati mkaka wothira madzi. Pansi pa diso fupa linali litalowa, moti nkhope yawo inali ya anthu awiri. Ndinkayembekeza kuti ndikomoka, koma sindinakomoke. Ndinangoyang'ana, ndipo linalo, lamoyolo, linkandiyang'ananso.

"Ndiye ili," anatero. "Waona? Siluma."

"Achimwene, ndinalakwa. Ndinaopa kubwera."

"Niziba. Leka kulira, uzatha madzi a m'diripi. Mvera."

Anandifotokozera mmene zinthu zinalili. Kampani sinawachotse. Inawapatsa ntchito yosunga katundu wa timu, kujambula mizere pabwalo ndi kuchapitsa majezi. Ntchito imeneyo ndi imene inagwira viza yawo. Koma kochi Ramoni mawondo anali atawathera, ankabwerera kwawo. Osewera akale ambiri anali atachoka, ndipo sizoni imeneyo timu inathera pansi penipeni. Bwana ananena kuti salemba kochi wakunja, apezeke mwa antchito omwewo, ndipo timu ikatheranso pansi, khalas, basi, aithetsa.

"Timu ikatha, katundu nizasungira ndani? Nipita ku Chipata. Uniuze, ndani alemba dalaivala wa diso limodzi? Mwana wanga wamkazi ali pafupi kulemba mayeso."

"Bwanji osakhala kochi inuyo, achimwene?"

"Kuti niime pa ngodya paja? Mpira ukabwera mbali iyi siniuona. Ufuna nitaye na linali? Ananiletsa kulowa m'bwalo masewera ali m'kati."

"Pali ena odziwa kuposa ine."

"Nafunsa onse. Akana. Iwe ndiwe wothera, usazinamize. Koma unakhala pabenchi nthawi yaitali pafupi na mudala Ramoni, malamulo uwaziba, anyamata uziba kuwawakhira."

"Ine ndine chidakwa, achimwene."

"Fungo n'nalimva nikali pa kolido." Anavalanso magalasi. "Sinabwere kuzakukhululukira, mufana. Nabwera kufuna wantchito."

Pakamwa panga panatseguka pokha. Mawu aja anali atafika kale pamilomo. Iwo anakweza dzanja.

"Usakambe kuti inde. Inde wako nimuziba, ananidyera diso."

Kunja kunkamveka ngolo ya chakudya ikudutsa. Ndinafufuza m'kati mwanga kuti ndipeze yankho limene lingawasangalatse, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinalipeze. Chimene chinatsala ndi chimene chinalipo.

"Sindikudziwa ngati ndingathe," ndinatero. "Sindikudziwa ngati ndingasiye mowa. Ndikuopa."

A Tembo anaimirira, anapapasa mpando kuti asaugunde.

"Ayo ndiye mawu," anatero. "Loweruka tiyamba dzuwa lisanakwere. Ukabwera, ubwere. Ukakana, unitumire uthenga kuti wakana, nizayamba kumanga katundu."

Anyamata, tsopano ndinene mmene ndinatulukira, chifukwa sizinachitike ndi pemphero limodzi. Ndinayamba ndi dokotala wa m'chipatala momwemo. Atandifunsa ngati ndimamwa, ndinanena zoona, ndi kuchuluka kwake komwe. Anandiuza kuti munthu amene wafika pomanjenjemera asasiye yekha mwadzidzidzi, thupi likhoza kumugwetsa. Anandipatsa mankhwala ndi masiku obwererako. Ngati manja ako ayamba kunjenjemera m'mawa, usadzipange mwamuna, pita akakuone.

Nditatuluka ndinapita kwa kapitawo ndisanaitanidwe. Ndinamuuza kuti kapinga uja sanapse ndi paipi yophulika monga ndinanenera, anapsa ndi ine. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Habibi, m'bale wanga, uwu ndi mwayi wotsiriza." Ndinapempha kusintha chipinda. Anandiika ndi abale achisilamu a ku Mangochi, m'chipinda chimene botolo silimalowa, ndipo anthuwo akadzuka kukaswali nanenso ndinkadzuka. Nthawi yoopsa kwa ine inali yoweruka, basi ikatitsitsa pa kampu. Nthawi imeneyo ndinaidzaza ndi ntchito: kusoka mipira yong'ambika, kupaka mafuta magolovesi, kumwa tiyi wamkaka uja wa karaki mpaka lilime kupsa. Amayi ndinawaimbira. Sindinawauze zonse tsiku limodzi, koma ndinasiya kunama kuti netiweki ndi imene imavuta.

Loweruka lija ndinapita. Kochi Ramoni anali asananyamuke, ndipo ndinawauza chimene chinachitika, kuti masizoni onse aja sindinaonepo manja awo. Anakhala pa benchi.

"Kwathunso ana akumudzi amatero," anatero. "Inenso ndinkatero kwa agogo anga. Ndinaiwala bwanji? Nthawi yonseyi ndimayankhula ndi chipewa chako."

Anandisiyira wezulo yawo ndi malangizo ambiri, n'kupita.

Osewera atsopano anali anyamata ongofika kumene, ena a ku Uganda, ena a ku Nepal, awiri a ku Dedza. Tsiku loyamba ndinawasonkhanitsa, ndinafotokoza zizindikiro. Nditakweza maso kuti ndione ngati akutsatira, ndinaona zipewa zokhazokha. Onse anali atazyolika. Pamaso pa ine, Isaki, amene sabata zingapo zapitazo ndinatoledwa pansi pa maluwa. Ndinafunsa kuti mwamva, mitu yonse inagwedeza. Ndinaloza mmodzi wa ku Dedza, dzina lake Lufeyo, kuti abwereze chimene ndanena. Anayang'ana nsapato zanga n'kunena kuti, "Inde, kochi."

Ndinaona bwalo lodzaza ndi anthu onga ine, aliyense atagwira chibonga.

Poyamba ndinalimbana nawo kuti azindiyang'ana kumaso. Ndinapempha, ndinakalipa, ine wosadziwa kukalipa. Ankayesa, koma masewera akafika potentha maso ankabwerera kumene anazolowera. Tinagonja masewera oyamba motsatizana. Titagonja koopsa tsiku lina, ndinatsika basi n'kupita ku chipinda changa chakale. Ndinamwa. Sindibisa. Koma m'mawa ndinapita ndekha ku sitolo ya katundu n'kukawauza a Tembo ndisanafunsidwe. Ankapopa mpira wa ana a bwana, sanasiye kupopa.

"Wamwa, wakamba. Manje tenga laimu, mizere siizijambula yokha."

Ndikujambula mizere ija, maso ali pansi monga mwa nthawi zonse, ndinaona mapazi a anyamata akudutsa, ndipo ndinkadziwa aliyense ndi nsapato zake. Ndinaima. Ngati maso a anyamatawa amakhala pa mapazi a wamkulu, ndiye kuti mawu a wamkulu akhale pa mapazi pomwepo.

Tinasamutsa zizindikiro zonse. Ndikakwekwesa phazi lamanja, usamenye. Ndikaimika chidendene, thamanga. Ndikaphatikiza mapazi, tchinga. Manja ndinkawagwedezabe, kugwira chipewa ndi mphuno, koma zopanda tanthauzo, zongosocheretsa adani amene amaba zizindikiro. Kugwedeza mutu ndinaletseratu. Wamva, gogoda nsapato yako ndi chibonga. Sunamve, tuluka pamalo omenyera, kweza dzanja, masewera aime. Ndipo m'mawa uliwonse tisanayambe, aliyense ankayenera kunena mokweza kuti, "Kochi, sindinamve." Poyamba ankanena ngati akutukwana amayi awo. Lufeyo zinamutengera nthawi kuposa onse. Tsiku limene anaimitsa masewera enieni n'kukweza dzanja, benchi yonse inamuombera m'manja, a timu ina n'kumadabwa kuti tikusangalalira chiyani.

A Tembo ankaonera kuseri kwa waya wotchinga bwalo, ndipo sanandisiye.

"Kochi wathu avina chitelele," ankauza anthu. "Mumuleke, ali na linthumbu m'nsapato."

Msampha woopsa uja sindinauitanepo, mpaka lero. Anthu odziwa masewera amati ndimataya nawo zigoli. N'zoona. Phazi langa limakana.

Sitinasanduke akatswiri tsiku limodzi. Tinkapambana apa, kugonja apo. Pofika masewera otsiriza a sizoni, ife ndi timu ina tinali pansi limodzi, ndipo tinkakumana tokhatokha. Wogonja ndiye wotsiriza. A Tembo anali atagula kale chikwama chachikulu ku masitolo a ku Satwa, chamizeremizere chija, n'kuchiika pakona pa sitolo pomwe ndinkachiona tsiku lililonse. Masewerawo anali oipa kuonera. Tinkagwetsa mipira, iwonso ankagwetsa. Koma anyamata anga sanaphonye chizindikiro ngakhale chimodzi. Woti adikire anadikira, woti athamange anathamanga, ndipo tinapambana ndi chigoli chimodzi cholowa mokwawa. Tinathera malo achiwiri kuchokera pansi. Sindinaonepo anthu akuvina chifukwa cha malo otero. Bwana anatumiza uthenga wachidule: "Yalla, tiyeni, pitirizani."

Sizoni yotsatira, anyamata omwewo, tinatenga chikho. Mpaka pano ndikachiona mu ofesi ndimaganiza kuti pali wina analakwitsa. Makampani ena ayamba kundifunsa ngati ndingapite kwawo, ndipo ndaphunzira kuyankha kuti ayi, ngakhale thukuta limatuluka. Ine amene sindinkatha kumenya mpira, lero anthu akuluakulu amandipatsa mpando. Sindizimvetsa, ndipo ndasiya kuyesa kuzimvetsa.

Mnyamata iwe wa botolo kunsi kwa bedi, sindikudziwa chimene ukuthawa. Mwina nawenso pali munthu amene foni yake umangoiyang'ana mpaka isiye kulira. Ine ndinkaganiza kuti ndikumwa chifukwa chomvera chisoni a Tembo. Bodza. Nthawi yonse imene ndinkamwa, iwo ankaphunzira kuwoloka msewu ndi diso limodzi, okha. Mowa wanga sunawathandize kalikonse. Chimene ankafuna kwa ine ndi munthu wodzuka m'mawa. Usadikire kuti akutole pansi pa maluwa, chifukwa si paki iliyonse imene Anti Gilesi amadutsa.

Mwezi wathawu viza ya a Tembo inatuluka yatsopano. Mwana wawo uja anakhoza, ali ku koleji ya unamwino. Ananditengera ku kantini ina ku Satwa kuti tikadye porota, chapati chawo chija, ndi tiyi. Titakhala, ndinalimba mtima.

"Achimwene, ndifunse?"

"Funsa, kochi."

"Kodi munandikhululukira?"

Anatafuna nthawi yaitali, akuyang'ana magalimoto pamsewu.

"Masiku ena," anatero. "Masiku ena iyai. Lero m'mawa nathira tiyi pambali pa kapu, yanitentha mwendo, nakutukwana na dzina lako lonse, na mudzi wako. Mawa kapena nizauka bwino. Ufuna nikunamize?"

"Ayi, achimwene."

"Ndiye idya, porota izizira. Loweruka tili na a hotela."